Tiirumu ya pa Nkando ndi Nyumba ya Lidia

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa Midima, kuchokera ku Limbe kupita ku Mulanje, amapadziwa pa Nkando. Minibasi imaima, oitanira amakuwa, a kabaza amadikira katundu, ndipo nyengo ya nandolo ikafika mavenda amapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu. Kuseri kwa phokoso lonseli kuli timanyumba tokhala ndi nsalu pakhomo, mabenchi awiri kapena atatu, ndi ketulo yaikulu yodetsedwa ndi utsi itakhala pa mbaula. Amenewa ndiwo matiirumu.

M'mizinda ya kunja anthu amakumana m'nyumba zomwera khofi. Kunonso khofi ndiye anayamba: mbande zake zinafika ku Mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 azungu a minda ankadalira iye. Khofiyo atalephera, tiyi amene Henry Brown anabzala ku Mulanje mu 1891 ndiye anatenga malo. Nchifukwa chake m'kapu ya pa Nkando mumakhala tiyi wamkaka, pambali pake sikono, mandasi kapena chigumu. Chakumwa nchosiyana, koma njala yofuna kukhala pamodzi ndi anthu ndi imodzi.

Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 16, limasimba za mayi wina wamalonda dzina lake Lidia, wa ku Tiatira, wogulitsa nsalu zofiirira zamtengo wapatali. Paulo anakumana naye pa tsiku la Sabata m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa mzinda wa Filipi. Atabatizidwa pamodzi ndi a m'banja lake, Lidia anaumiriza Paulo ndi anzake kuti akakhale kwake. Pambuyo pake Paulo ndi Silasi atatuluka m'ndende, anapita kunyumba komweko, ndipo kumeneko anaonana ndi abale. Mpingo wa ku Filipi unalibe tchalitchi. Unali ndi khomo la mayi wa geni lomwe silinkatsekedwa.

Mayi woyendetsa tiirumu pa Nkando mwina sanaganizepo kuti ali pa ntchito ya Lidia. Komabe pa benchi lake amakhalapo mphunzitsi, wa kabaza, wothyola tiyi ku esiteti ndi mwini golosale, mapewa atagundana, kapu ili mtengo umodzi. Yakobe Woyera, m'mutu 2 wa kalata yake, anadzudzula akhristu amene amapatsa wovala bwino mpando wapamwamba nkuuza mmphawi kuti aimirire uko. M'tiirumu tchimo limeneli nlovuta kulichita, pakuti benchi ndi lomwelo. Pamenepa ndi pamene uthenga wa maliro umamvekera msanga, pamene mnyamata amamva kuti kwakuti kuli ganyu, pamene mlendo amene minibasi yomaliza yamusiya amalozeredwa kogona. Kalata ya kwa Ahebri 13:2 imakumbutsa kuti ena polandira alendo analandira angelo osadziwa, monga zinamchitikira Abrahamu ku Mamure.

Koma kulandira alendo kuli ndi mtengo wake, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo. Mayi uja amadzuka tambala asanalire kachiwiri. Amatunga madzi, amakoleza makala, amatsuka makapu. Shuga, mkaka, ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira amagula ndi ndalama yapamanja, pakuti wogulitsa zinthuzi samva za mawa. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera, ndipo mu 2024 shuga anasowa m'masitolo ambiri. Iye sangakweze mtengo wa kapu mmene zinthu zakwerera, chifukwa makasitomala ake amawadziwa ndi mayina, amadziwanso zimene zili m'matumba awo.

Ndiye pali kabuku. Tiirumu iliyonse ili ndi kabuku kake, kakope ka ana asukulu kothimbirira ndi mafuta, momwe mumalembedwa ngongole. "Mayi, lembani, ndipereka mwezi ukatha." Mayi amalemba, poti kumukana munthu wanjala amene umapemphera naye nkovuta. Mwezi umatha. Wangongole uja amayamba kudzera njira ya kuseri kwa msika. Ndipo zimachitika kuti ena mwa mayina a m'kabukumo ndi a anthu amene Lamulungu amavala yunifolomu ya bungwe, kuimba m'kwaya, ndi kupita kutsogolo ndi chopereka chooneka. Ambuye Yesu, pa Mateyo 5:23-24, anaphunzitsa kuti munthu amene wakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, ayambe wasiya mphatso yake patsogolo pa guwa, akayanjane naye, kenaka adzapereke. Ngongole ya makapu khumi a tiyi ndi chifukwa chokwanira. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, koma mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha wolandirayo akakumbukira. Matiirumu ambiri satsekedwa ndi adani ayi. Amatsekedwa ndi abwenzi amene anadya mpamba pang'onopang'ono, ndipo pa tsiku lotseka omwewo ndi amene amadandaula kuti pamalo pano pasowa pochezera.

Naye mwini tiirumu ali ndi mayesero ake. Mkaka ungathe kuchulukitsidwa ndi madzi, masamba a dzulo kuwiritsidwanso, sikono yagonera kuikidwa pamwamba ngati ya lero. Buku la Miyambo 11:1 limanena poyera kuti Mulungu amanyansidwa ndi sikelo yonyenga, ndipo supuni ya shuga nayonso ndi sikelo. Palinso mtsikana wotsuka makapu, amene kawirikawiri amakhala wachibale wochokera kumudzi. Ngati malipiro ake amangolonjezedwa, ngati msinkhu wake ndi woyenera kukhala m'kalasi, ndiye kuti kulandira alendo kwa pakhomopo kwamangidwa pa msana wa mwana.

Za lilime nzodziwika kale. Benchi lomwe limafalitsa uthenga wa maliro lingathenso kupha mbiri ya munthu wamoyo tiyi asanazizire. Mwini malo wanzeru amadziwa nthawi yofunsa kuti, "Bambo, ndiwonjezere shuga?" kuti nkhani ikhote.

Akhristu a m'tauni angaone ngati izi nza kumudzi. Koma Maepiskopi a AMECEA atagwirizana mu 1973 zolimbikitsa miphakati, cholinga chinali choti Mpingo uzikhala pamene anthu amakhala, osati pa Misa ya Lamulungu pokha. Lero mabanja ambiri ali kuseri kwa mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo, mwakuti woyandikana naye nyumba amadziwika ndi galimoto yake, dzina lake osalidziwa. Mphakati umakumana kamodzi pa sabata, ola limodzi kapena awiri. Masiku ena onsewo anthu amakumana pa okala, pa saluni, pa chigayo, kwa wometa tsitsi, kwa mayi wa mandasi pa siteji. Malo amenewa ali ndi eni ake, ena mwa iwo ndi akhristu a parishi ino, ndipo aliyense ali ndi kabuku kake.

Pa msonkhano wa mphakati sabata ino kuwerengedwe Ntchito za Atumwi 16:11-15 ndi ndime 40. Pambuyo pa kugawana Mawu, wapampando afunse mafunso awiri, ndipo asakakamize wina kuyankha mokweza: kodi m'dera lino khomo la Lidia ndi la yani, nanga m'kabuku kake muli mayina angati a mphakati uno?