Ndani Adzaimira Mnyamata Wopezeka ndi Camba?

Mnyamata wa zaka 15 akapezeka ndi camba m'thumba, ziripo njira ziwiri zimene a Boma angamuyendetsemo. Yoyamba tiidziwa tonse: kwa apolisi, ku bwalo la milandu, ndipo kapena ku sukulu ya ana opalamula monga ya ku Katombora, kufupi ndi Livingstone. Yaciwiri ndi yacilendo kwa ambiri a ife. Mnyamatayo akabvomera kulakwa kwace, mlandu uimikidwa. Amubwezera m'manja mwa makolo ndi alangizi, namuikira zoti acite: abwerere ku sukulu, akamve malangizo a za camba masiku oikika, abweze cimene anaononga. Akatsiriza zonsezi mlandu utha. Akalephera, mlandu udzukanso.

Muno m'Zambia njira imeneyi inalembedwa m'lamulo la ana la caka ca 2022, lochedwa Children's Code Act. M'caka comweco Boma linaika kuti mwana wosakwana zaka 12 asazengedwe mlandu. Kale malire anali zaka 8. Tsono funso lathu, abale, nali: kodi ici ndi cilungamo, kapena ndi kulekerera?

Amene akana njirayi si onse ali ouma mtima iai. Taganizani mai wamasiye amene mnyamata anamubera nkhuku zitatu kuti akagule camba. Akamuona mnyamata yemweyo alikuchaya mpira sabata lotsatira, mai uja ali nao mau. Adzati mwana adziwa moto utamtentha, ndipo anzace akaona kuti wabwera wosalawa cilango adzalimba mtima. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo mpingo usawapeputse.

Koma tifunsenso cimene kutsekera kucita. Lamulo liletsa kusunga ana pamodzi ndi akaidi akuru, komabe kumene zipinda zicepa asakanizika. Mnyamata alowamo adziwa kusuta kokha, naturuka adziwa kuthyola nyumba, pakuti amisiri a nchito imeneyo anali kugona pambali pace. Sukulu yampita. Dzina lace laipa m'mudzi monse. Ndipo nkhuku za mai wamasiye sizinabwere ngakhale imodzi.

M'caka ca 1841, mu mzinda wa Boston ku America, munali munthu wosoka nsapato dzina lace John Augustus. Tsiku lina anaona ku bwalo munthu woledzera ali pafupi kuponyedwa m'ndende. Anapempha woweruza kuti amupereke kwa iye, naperekera cikole ca ndalama zace. Atapita masabata atatu anabwera naye wosaledzera, wooneka munthu wina, ndipo woweruza anamulipitsa senti imodzi yokha pamodzi ndi ndalama za bwalo. Augustus anapitiriza nchito imeneyi kufikira imfa yace m'caka ca 1859, ndipo anthu amene anawaimira anayandikira 2,000, ena mwa iwo anyamata ndi atsikana. Anali kuwafunira nchito, kuwabwezera ku sukulu, ena kuwagoneka m'nyumba mwace. Sanatenge yense ai. Anayamba wafufuza makhalidwe a munthu, makamaka ngati nkuyamba kupalamula. Adani anali nao, ndipo ena mwa iwo anali a nchito za ndende omwe, popeza malipiro ao anali kuwerengedwa pa mutu wa mkaidi ali yense. M'caka ca 1878 dera la Massachusetts linasandutsa nchito yace kukhala lamulo, ndipo m'caka ca 1989 ku Miami anatsegula bwalo loyamba la milandu ya mankhwala oledzeretsa, limene licedwetsa cilango kuti munthu ayambe wacira.

Tapenyani bwino cimene wosoka nsapatoyu anapempha. Sanati munthuyo amleke apite. Anati amupereke kwa iye, ndipo akathawa ndalama zotayika zikhale zace. Paulo anacita comweco polembera Filemoni za Onesimo: ngongole sanaikane, koma anafuna iwerengedwe pa iye mwini. Makolo athunso anaidziwa njirayi. Mwana akapalamula, amalume ace, eni mbumba, ndiwo anaima pa bwalo la mfumu naturutsa mbuzi. Ndipo mwana amene anaona mbuzi ya amalume ace ilikucoka m'khola cifukwa ca iye anamva cilango coposa ca ndodo.

Cifukwa cace ine nditi njira yopatutsa mwana ku bwalo iri yolungama pokhapo alipo munthu womuimira. Popanda iyeyu, mai wamasiye anena zoona: kuli kulekerera kobvala malaya a cifundo.

Pamenepa ndipo pali bvuto lathu la kumidzi. Alangizi a Drug Enforcement Commission, bungwe limene linakhazikika m'caka ca 1989, apezeka ku maboma. Cipatala ca Chainama ciri ku Lusaka. Mnyamata wa ku Chadiza kapena ku Lundazi abwerera ku mudzi womwewo, kwa anzace omwewo, ndipo munda umene camba cibisala pakati pa cimanga adziwa njira yace ngakhale usiku. Mwini mundayo, amene alemera ndi mitu ya ana a anzace, mlandu wace ngwina, ndipo njira yopatutsa siiri yace. Nthawi zina, ticite manyazi ponena, akhala nafe pa benchi la kutsogolo.

Palinso tsankhu losaoneka. Mwana wa munthu wodziwika apeza omuimira asanu lisanalowe dzuwa. Mwana wamasiye apita ku bwalo, osati cifukwa analakwa koposa, koma popeza panalibe wobwera. Ndipo mwana wamantha akhoza kubvomera cimene sanacite kuti agone kwao usiku umenewo. Nco cifukwa cace pafunika munthu wamkuru wa mtima woleza akhale naye pomufunsa.

Mkuru wa mpingo, kapena mai wa Cigwirizano, amene adzati mwanayu ndimtenga ndine, adziwiretu cimene wasenza. Adzanenedwa kuti ndi bwenzi la osuta camba. Adzapita naye mnyamatayo kwa mai wamasiye, napangana masiku angati akalime m'munda mwace kufikira mtengo wa nkhuku zitatu utakwana. Ndipo m'mawa uli wonse wa masiku amenewo adzalawira kukaona ngati wafikadi ndi khasu.