Kodi Nkhalamba Iyenera Kufa Kuti Ichezeredwe?

MU November 2015, kampani ya masitolo ya ku Germany yotchedwa Edeka inatulutsa filimu yaifupi yotsatsa malonda imene anthu mamiliyoni ambiri anaonerera. Inasonyeza mwamuna wina wokalamba akudya yekha pa Krisimasi chaka ndi chaka, pamene ana ake anali kungotumiza makadi ndi mawu opepesa. Ndiyeno anawo analandira uthenga wakuti atate awo amwalira. Iwo anafika atavala zakuda, koma anapeza chakudya chili pathebulo ndipo mkuluyo ali moyo! Uthengawo anautumiza ndiye.

Nkhaniyo inali yopeka, ndipo ena anaitsutsa kuti inaseŵera ndi chisoni cha anthu pofuna malonda. Komabe, funso limene inadzutsa nlovuta kulipeŵa: Kodi nchifukwa ninji nthaŵi ndi ndalama za ulendo zimapezeka kaamba ka maliro, koma osati kaamba ka munthu wamoyo?

Chifukwa china nchakuti maliro ali ndi tsiku lake ndiponso mboni zake. Munthu wosafika pamaliro a amayi ake amanenedwa ndi onse. Koma wosapita kukawaona akali moyo samafunsidwa ndi aliyense. Iye amadziuza kuti adzapita chaka chamaŵa, ndipo amayiwo, posafuna kumvutitsa, amanena pafoni kuti ali bwino.

Zimenezi si za ku Ulaya kokha. Mu December, pamene mabasi odzaza katundu akuwoloka pa Beitbridge kuchokera ku Johannesburg, agogo amene ana awo sanafike amamva fungo la mpunga ndi nkhuku kwa anansi, maso ali kunjira. Masiku onse amadya okha popanda kudandaula. Chimene chimapweteka tsopano ndicho kuona kuti ena akumbukiridwa. Mwinamwake ndalama anazilandira. Zimenezo siziyenera kupeputsidwa, pakuti kaŵirikaŵiri mwanayo anafunikira kusankha pakati pa tikiti ya basi ndi feteleza wa m'munda wa amayi akewo. Ena alibe mapepala oti nkuwoloka malire ndi kubwereranso kuntchito. Kuweruza oterowo kungakhale nkhanza.

Koma ambiri alibe chodzikhululukira chimenecho. Iwo amakhala mtunda wa maola aŵiri okha, ndipo amanena moona mtima kuti ntchito yawapanikiza. Chikhalirechobe, tsiku limene adzamva kuti nkhalambayo yatsirizika, adzapempha tchuthi m'maŵa womwewo, ndipo adzapatsidwa.