Kodi Botolo la Mwana Limayera Liti?

Botolo la mwana likatsukidwa ndi sopo n'kutsukuluzidwa limang'anima, ndipo aliyense wamaso anganene kuti layera. Anamwino a kusikelo savomereza. Iwo amati botololo, chotsekera chake ndi kansonga kamphira koyamwira zimizidwe m'madzi owira bwatabwata, mphika uli chivundikirire. Ku Britain a zaumoyo amachita kutchula nthawi yake, mphindi 10, ndipo amati zizitero mpaka mwana atakwanitsa chaka. Mayi akafunsa chimene akupha m'botolo loyera kale, amauzidwa kuti ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Iye sanationepo. Amawiritsa botololo chifukwa chokhulupirira mawu a munthu wina pa chinthu chosaoneka, ndipo pamenepo nkhani ya kukhitchini yafanana ndi za kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa makolo.

Malamulo akenso ndi okhwima ndithu. Mu 2007 mabungwe a WHO ndi FAO anatulutsa malangizo a kakonzedwe ka mkaka waufa wa makanda, ndipo mfundo yake yoyamba imadabwitsa ambiri: mkaka wa m'chitini, ngakhale chitinicho chisanatsegulidwe, ukhoza kukhala ndi tizilombo monga Cronobacter ndi Salmonella. N'chifukwa chake madzi osungunulira ayenera kuwira kaye, kenako athiridwe m'botolo asanazizire kupitirira madigiri 70, kutanthauza kuti pasanathe mphindi 30 chiphulire ketulo. Ufa umabwera pambuyo, woyezedwa ndi kasupuni ka m'chitini momwemo. Botolo limaziziritsidwa m'madzi ozizira, ndipo mayi amadonthezera mkaka pamkono kuti amve ngati sungawotche. Wotsala umatayidwa pakatha maola awiri. Lamulo lotsirizali ndi limene limapweteka mtima, chifukwa amene wagula chitini cha mkaka akudziwa kuti ndalama yake ikanagula ndiwo za masiku angapo.

Wina asaganize kuti awa ndi mavuto a mayiko osauka okha. Mu 2022 fakitale ya kampani ya Abbott ku Sturgis, m'chigawo cha Michigan ku America, inatsekedwa kwa miyezi ingapo makanda ena atadwala ndi Cronobacter, ndipo mkaka unasowa m'masitolo a dziko lolemeralo.

Agogo akaona mpongozi wawo akukoleza mbaula usiku chifukwa cha botolo limodzi, mawu awo amadziwika: “Ife tinakula tikumwa madzi a m'dambo, tinafa?” Sakunena zopusa, koma akuiwala ziwiri. Khanda la nthawi yawo linali pa bere, ndipo mkaka wa m'mawere sudikira m'chiwiya chilichonse; umabwera pomwepo, uli ndi chitetezo chochokera m'thupi la mayi. China n'chakuti amene amati “tinafa?” ndi amene anapulumuka. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63.

Komatu agogo omwewo ndi akatswiri a zoopsa zosaoneka. Mwana akabadwa ankasungidwa m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Munthu “wotentha”, amene wakhala malo amodzi ndi mnzake, sankaloledwa kugwira khanda, lomwe ndi “lozizira”. Makolo ankapirira mpaka mwambo wotenga mwana utachitika, poopa mdulo kapena tsempho. Palibe amene anaonapo kutentha kumeneku, koma mudzi wonse unkadziletsa chifukwa cha iko. Choncho mfundo yakuti dzanja looneka loyera lingapereke matenda kwa khanda si yachilendo kwa Mchewa. Chachilendo ndi botololo. Linafika popanda anamkungwi ake, ndipo malangizo ake anabwera olembedwa m'zilembo zing'onozing'ono pachitini, kawirikawiri m'chinenero chimene wosamalira mwana sawerenga.

Mabuku a zipembedzo nawo ali ndi zambiri zokhudza ziwiya. M'buku la Levitiko, mphika wadothi wodetsedwa unkayenera kuswedwa, ndipo m'mutu 31 wa Numeri zinthu zachitsulo zinkayeretsedwa pozipititsa pamoto. Alaliki ena amakonda kunena kuti apa Mose ankaphunzitsa za tizilombo. Kumeneko n'kukokera malemba kumene sanapite, chifukwa nkhani yake inali yakuti ndani ndiponso chiyani chingayandikire malo opatulika. Ena amakokera mbali inayo. Amatenga mutu 7 wa Maliko, pamene Yesu anaikira kumbuyo ophunzira ake amene ankadya osasamba m'manja mwamwambo, n'kumati zolowa m'kamwa zilibe kanthu kwa wokhulupirira, bola kupempherera. Koma Yesu pamenepo ankalekanitsa kuyera kwa mtima ndi kutsuka kwa zikho. Zinthu ziwiri zikalekanitsidwa, chilichonse chimatsala ndi ntchito yake. Botolo losawiritsa si tchimo pamaso pa Mulungu, komanso pemphero silisintha zimene zili m'kati mwa kansonga kamphira.

Asilamu funso la pemphero ndi kuchitapo kanthu analiyankha kalekale m'nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamira yake kapena angoisiya n'kudalira Mulungu. Anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, aimange ndipo adalire. Qur'an imatchulanso zaka ziwiri zathunthu zoyamwitsa, nthawi yofanana ndi imene a WHO amalangiza lero: bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako bere ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Kusakaniza kuyera kwa mtima ndi kuyera kwa m'manja sikunayambe ndi anthu osaphunzira. Mu 1847, pachipatala chachikulu cha ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ankafa kwambiri m'wodi imene munkachiritsa madokotala ndi ophunzira awo, omwe ankabwera kuchokera kokang'amba mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini. Mu Epulo chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse anamwalira m'wodimo. Lamulo litayamba, chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi pa awiri. Madokotala anzake ambiri anakana. Mwa zina, zinawapweteka kumva kuti manja a munthu wolemekezeka angakhale onyamula imfa. Iwo anamva ngati akunenedwa kuti ndi anthu oipa, pamene Semmelweis ankangonena za manja awo.

Nkhani ya ku Vienna ikuonetsa pamene kuwiritsa botolo kumasiyanirana ndi mwambo wa tsempho, ngakhale zonse zimayamba ndi kukhulupirira zosaoneka. Za tizilombo zimatheka kuyesedwa: gulu ili lisambe, gulu ilo lisasambe, tiwerenge odwala. Tsempho silingayesedwe chotero, chifukwa mwana akadwala mlandu umafunafuna mwini wake mpaka kumupeza. Liwombo likalowa m'kati, lomwe kuchipatala ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi ndipo mwana akufunika Thanzi msanga, pakhomo pamayamba kufunsana kuti ndani wayenda molakwika. Nthawi imene ikanathera panjira ya kuchipatala imathera pa mlanduwo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chizolowezi chofunafuna wolakwa chimasamuka mosavuta n'kukalowa m'chipatala. Dzulo mayi ankanenedwa kuti wasempha mwana, lero akunenedwa kuti ndi wauve, ndipo chala chikuloza munthu yemweyo.

Taganizirani mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene amagwira ntchito m'sitolo. Lamulo la ntchito la m'Malawi la mu 2000 limamupatsa masabata asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere. Akabwerera kuntchito mwana amatsala ndi mng'ono wake kapena mtsikana wantchito. Madzi ndi ogula pakiyosiki, firiji palibe, ndipo mwana akalira pakati pa usiku, madigiri 70 aja amatanthauza kudzuka, kukoleza makala, kukupiza, kudikira ketulo, kusungunula, kuziziritsa, uku khanda likulira mpaka kudzutsa a nyumba yoyandikana. Akasungunula wambiri madzulo n'kuusunga kuti afike nawo m'mawa, si kuti sakonda mwana wake. Akachepetsa masupuni kuti chitini chifike pamalipiro, wadziwa kale kuti akulakwitsa. Malangizo a pachitini anawalemba anthu amene m'maganizo mwawo munali mpopi ndi magetsi.

Amene anayamba kulozetsa chala kwina ndi dokotala wa ku Jamaica, Cicely Williams. Mu 1939, ali ku Singapore, anayankhula pamaso pa a Rotary Club n'kunena poyera kuti imfa za makanda zobwera chifukwa cha kutsatsa mkaka wa m'chitini mosocheretsa ziyenera kuonedwa ngati kupha. Panapita zaka zambiri dziko lisanamve. Mu 1974 bungwe la War on Want ku Britain linatulutsa lipoti lodzudzula katsatsidwe ka mkakawu m'mayiko osauka, mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, ndipo mu 1981 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza malamulo oletsa kutsatsa mkakawu kwa anthu wamba ndi kugawira amayi waulere wokopera. Mayiko 118 anavomera, America yokha inakana.

Ngakhale cholinga chabwino chimatha kugwa m'dzenje lomwelo. Boma la Botswana linkapereka mkaka wa m'chitini ulere kwa amayi amene ali ndi HIV pofuna kuteteza ana ku kachilomboko. Kumayambiriro kwa 2006 kunagwa mvula yambiri, madzi akumwa anaipa, ndipo ana oposa 500 anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba. Ofufuza atayendera zipatala anapeza kuti ambiri mwa makanda odwala kwambiri anali osayamwa.  Malawi inasankha njira ina: mu 2011 inakhala dziko loyamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, kuti mwana aziyamwa ali wotetezeka. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inakumbutsa chifukwa chake madzi sangangodaliridwa.

Pamaliro a khanda anthu amati, “Inakwana nthawi yake,” ndipo mawuwa amatonthoza amene sangathenso kusintha kanthu. Wanzeru sawatsutsa pasiwa. Vuto limabwera akanenedwa mwana akadali moyo, ketulo ili apo, ngati chifukwa chosaiika pamoto. Ndipo ngati mpingo ukhulupirira kuti mwana ndi mphatso, uli ndi mbali yake yogwirika. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika amadziwa kusonkha nkhuni ndi ufa pakagwa zovuta. Agogo amene akulera khanda lamasiye ndi mkaka wa m'chitini akusowa zomwezo, makala ndi madzi abwino, tsiku lililonse kwa miyezi.

Pali njira ina imene azaumoyo akhala akulimbikitsa kumene madzi ndi moto n'zovuta: kusiya botolo n'kugwiritsa ntchito kapu. Kapu ilibe khosi lopapatiza kapena mphira wobisa mkaka wakale. Zala ndi sopo zimafika paliponse. Ngakhale makanda obadwa masiku asanakwane amamwetsedwa ndi kakapu m'zipatala, ndipo mwana wa miyezi isanu ndi umodzi amene wayamba phala amaizolowera msanga. Womwetsa amamukhazika tsonga pamiyendo, n'kupendeketsa kapu kuti mkaka ungokhudza milomo, osathira m'kamwa, mwanayo azimwa pa liwiro lake.

Kapu ili ndi zovuta zake. Ena amaiona ngati ya osauka, pamene botolo limaoneka lachitukuko m'minibasi ndi kutchalitchi. Mkaka wina umatayikira pachibwano. Chachikulu n'chakuti botolo ungalitsamiritse pansalu mwana n'kumayamwa yekha, zimene anamwino amaletsa koma zimachitika, pamene kapu imafuna munthu wokhala pansi ndi manja onse awiri mpaka mwana atakhuta. M'nyumba imene mtsikana wantchito mmodzi akuyembekezeka kuchapa, kukolopa, kuphika ndi kukatenga ana ena kusukulu, wina ayenera kuvomera kuti zovala zidikire.