Za Otema Nkhuni ndi Otunga Madzi a ku Mars

Alembi a nthano za m'tsogolo, amene amayendetsa anthu pakati pa nyenyezi ndi kuwamangira midzi kumene phazi la munthu silinapondeko, ali ndi chizolowezi chimodzi chodabwitsa: angakhale apatse anthu awo zombo za mumlengalenga, makina olankhula ndi mankhwala a nthenda zonse, sakhoza kuwamangira mudzi wopanda mbuye ndi kapolo. Pierce Brown, m'buku lake la 2014 lotchedwa Red Rising, anagawa anthu a pa Mars monga mwa utoto, nakhazika Agolide pamwamba ndi Ofiira pansi pa nthaka, kumene akumba migodi mibadwomibadwo ali kuuzidwa kuti akukonzera ana awo dziko, pamene dzikolo linakonzedwa kale ndipo ena akudyerera pamwamba pa mitu yawo. Aldous Huxley, mu 1932, sanachoke n'komwe pa dziko lino, koma analasa pakuya: mu Brave New World ana sabadwa mwa mkazi, aumbidwa m'mabotolo m'magulu asanu, ndipo oikidwiratu ntchito zapansi amanidwa mpweya wokwanira asanabadwe, kuti nzeru zawo zisakule kuposa ntchito yawo. Ngakhale mwana wa kwathu kuno, Shadreck Chikoti, polemba Azotus the Kingdom anayang'ana zaka 500 m'tsogolo, ndipo ufulu sanaupezeko.

Munthu wa pa Mbayani akamva zimenezi sayenera kuyang'ana kumwamba, pakuti mzinda umene akhala m'mphepete mwake unamangidwa mwa dongosolo lomwelo. Amishoni a ku Scotland anakhazikika pa Blantyre mu 1876. A malonda a African Lakes anamanga nyumba ya Mandala mu 1882. Njanji inafika mu 1908, ndipo Limbe anakula chifukwa cha sitima ndi fodya wa Imperial Tobacco Company. Alendowo anadza ndi nthunzi, mfuti, makina osindikizira mabuku ndi kwinini, zinthu zimene makolo athu anaziona monga ife tionera chombo cha kumwezi. Ndipo pasanapite nthawi anthu anasanjidwa: Mzungu pamwamba, Mmwenye m'sitolo pakati, mwini dziko pansi ndi khasu ndi mtolo pamutu, wovula chipewa pokumana ndi bwana panjira. M'minda ikuluikulu ya kuno kum'mwera munali thangata, ndiko kugwira ntchito m'malo mwa lendi ya nthaka imene munthu wamangapo, ndipo goli limeneli linalemera koposa pa Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Silinachotsedwe kufikira 1962.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitingakane kuti kalumoko kanameta bwino: kanatipatsa kuwerenga, chipatala ndi msewu. Choipa chinalowa pamene mwini kalumo anayamba kukhulupirira kuti kuthwa kwake kuchokera m'mwazi wa dzanja lake. Pano ndipo pagona bodza la maiko onse osanja anthu, a m'nthano ndi enieni omwe: chimene munthu anachiphunzira dzulo achiyesa chibadwa, ndipo atatseka khomo la sukulu aloza umbuli wa amene ali kunja monga umboni wakuti Mulungu anawalenga chomwecho. Sukulu yoyamba ya sekondale m'dziko muno, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, patapita zaka 64 chifikire mishoni. Ndipo m'bwalo lopanga malamulo la Nyasaland munalibe Mwafrika kufikira 1949, pakuti zofuna zathu anali kutilankhulira ndi mmishoni. Komatu tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anachimanga pakati pa 1888 ndi 1891 iye mwini asanaphunzirepo za zomangamanga, chinaumbidwa njerwa zake ndi kuimikidwa ndi manja a anthu akuda, ndipo chikali chiimire mpaka lero kutsutsa onse amene ankati manja amenewo sangadziwe luso.

Palibe mbuye amene anafuna kulamulira ndi mkono wokha; aliyense anafuna kuti Kumwamba kumuvomereze. Plato analangiza kuti anthu auzidwe nthano yakuti ena anasakanizidwa ndi golide, ena siliva, ena chitsulo ndi mkuwa, ndipo iye mwini sanabise kuti linali bodza. Akhristu ena anatenga temberero la Nowa m'Genesis 9, limene linagwera Kanani, nalisenzetsa mtundu wonse wa anthu akuda; ena anakumbukira Agibeoni a m'Yoswa 9, amene anaikidwa kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Ochenjera koposa anatenga fanizo la Paulo la thupi limodzi ndi ziwalo zambiri, nati phazi lisasilire mutu. Koma iwo anawerenga theka la mutuwo, pakuti Mtumwiyo aphunzitsa kuti kupweteka kwa chiwalo chimodzi kumveka m'thupi lonse, ndi kuti Mzimu agawira mphatso monga afuna, wosafunsa dzina la atate a munthu. Kusiyana kwa ntchito sikolakwa, pakuti mudzi ufuna wosula ndi wolima yemwe. Chimene Malembo sachidziwa ndi mutu umene sumva pamene phazi lalasidwa ndi minga. Tisadziyeretse, tsono, ngati kuti tchimoli linadza ndi sitima: makolo athu anali ndi akapolo ndi anthu a chikole Mzungu asanaoneke, ndipo pansi pa bwana kapitao wakuda anali kulemeretsa chikoti, monga kunenedwa kuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Funso lovuta ndi la Huxley, ndipo siliyankhika mwamsanga. Ngati wantchito wapansi waumbidwa kuti akonde ntchito yake, sadandaula, sagona ndi njala, sasilira mnzake, nanga walakwiridwa chiyani? Ambiri a ife, tikatopa ndi mavuto, tingasinthanitse ufulu ndi mtendere wotere. Ine ndiyesa kuti walakwiridwa koposa kapolo womangidwa unyolo, pakuti kapoloyo alandidwa thupi koma asiyiridwa mtima wodziwa kuti alandidwa, pamene uyu wa m'botolo wachotsedwa chinthu chenicheni chimene Mlengi anachisiya mwa Adamu, angakhale anadziwa kuti chidzabala zowawa, ndicho mphamvu yakukana. Dziko la Nyasaland silinafike pamenepo, ndipo umboni wake ndi John Chilembwe wa ku Mbombwe, amene anawerenga Buku lomwelo limene mabwana anali kuwerenga, napezamo zina. Za mwazi umene unakhetsedwa ku Magomero m'kuukira kwake pa 23 January 1915 anthu oopa Mulungu akhoza kutsutsana. Koma kuti munthu wa pansi pa makwerero anaimirira nati iyayi, ichi chionetsa kuti kusanja kwa atsamunda kunafika pa chipewa ndi pa malipiro, koma pa mzimu sikunafike.

Lero palibe lamulo loletsa mwana wa pa Mbayani kukagona ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, ndipo kukanakhala kunama kutcha mzinda wathu dziko la Agolide ndi Ofiira. Komabe madzi amene apopedwa ku Walker's Ferry pa Shire, nakwezedwa ndi makina kudza kumapiri kuno, afika m'bafa la wina ndi kuthirira kapinga wake, pamene mayi wina aima pamzere ndi ndowa mbandakucha, asanapite kukachapa m'nyumba momwemo. Ngati mdzukulu wake adzaimanso pamzere womwewo, lamulo lolembedwa silidzafunika.

Ndipo za Mars sizilinso nthano chabe. Elon Musk, wobadwira ku Pretoria, anena poyera kuti afuna kumanga mzinda kumeneko, ndipo mu 2020 analengeza kuti osowa ndalama za ulendo adzapatsidwa ngongole ndi kuti ntchito zidzakhalako zambiri. Mdzukulu wa munthu wa thangata adziwa kumene mawu otere amathera. Koma agogo athu, goli likawakulira, ankatha kumanga katundu usiku ndi kuthawira kwa mfumu ina, pakuti mvula, mtsinje ndi mpweya zinalibe mwini; pa Mars mpweya womwe udzatuluka m'makina, makinawo adzakhala ndi mwini wake, ndipo wangongole akadzakangana ndi kapitao sadzakhala ndi thengo lothawirako.