Achinyamata a Zaumoyo, Nyamakazi Ikudikira Inu

Msika wa Lilongwe umayenda ndi manja. Tsikani minibasi ku Old Town m'mamawa, mudutse msewu wa Malangalanga, muone nokha. Uyu akuunjika tomato, uyo akupala chambo, wina akukhoma ndowa ndi mbaula, telala akulowetsa ulusi pasingano, ndipo kutsidya ku Tsoka anyamata a kaunjika akumasula belo. Munthu aliyense pamenepa mpamba wake weniweni ndi zala khumi. Tsiku limene zalazo zakana, kunyumba poto sakhala pamoto, fizi ya mwana imaima, landilodi amayamba kugogoda.

Pakati pa anthu amenewa simulephera kupeza mayi wachitsikana ndithu, wa ana atatu kapena anayi, amene amafika pabenchi lake dzuwa litakwera kale. Sikuti amagonereza. Amadzuka m'bandakucha ngati anzake, koma zala zimakhala zitauma gwa, mfundo zitatupa kumanja ndi kumanzere komwe, mpaka chitenje amachita kumumanga ndi mwana wake wamkazi. Pobweza chenje, ndalama amaipana ndi zikhatho ziwiri chifukwa zala sizikupinda. Pamikono pali zipsera za mphini, poti abale anati walodzedwa ndi anzake ansanje a pamsika. M'kachikwama muli Brufen ndi Indocid, zogula mapiritsi awiriawiri. Kabuku kake ka kuchipatala kadzaza, koma tsamba lililonse likunena zofanana: kuphwanya kwa thupi, mankhwala opha ululu, abwerenso akapanda kupeza bwino.

Mayi ameneyu akudikira munthu. Ndiye ndikulankhula ndi inu, achimwene ndi achemwali anga amene muli m'makalasi a Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences. Inu madokotala achinyamata amene mukuchezera m'mawodi a Kamuzu Central. Inu anamwino a ku Bwaila, a kulabotale, a kufamase, a mafizo, ndi inu amene mumakonda masamu ndi kompyuta. Pamene mukusinkhasinkha za nthambi yoti mutsate moyo wanu wonse, ikani nyamakazi pamndandanda, ndipo muiike pamwamba. Dziko lino likusowa anthu odziwa kuchiza matenda amenewa, ndipo likusowa kwambiri anthu owafufuza.

Choyamba tichotse bodza limene lapundula anthu ambiri, loti nyamakazi ndi ukalamba basi. Ilipodi nyamakazi yobwera chifukwa mfundo zaperepeseka ndi zaka komanso ntchito yakalavulagaga. Koma ilipo ina yotupitsa, imene imagwira munthu akadali ndi mphamvu zake. Pa nthenda imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonekera n'kuyamba kuukira kachikopa kokuta mkati mwa mfundo. Kachikopako kamatupa, kamakhuthala, kenako kamayamba kudya chichereŵechereŵe ndi fupa lomwe. N'chifukwa chake wodwala amauma m'mawa kwa ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo zala zimayamba kukhota pang'onopang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu 18 miliyoni anali ndi nthendayi, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Palinso lupus, imene imakonda atsikana ndi amayi achichepere, imagwira khungu ndi impso, ndipo imavuta kwambiri pakati pa anthu akuda. Pali gout, imene imadzutsa bambo pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chili psuu. Pali nyamakazi youmitsa msana wa mnyamata, ndipo ilipo ya ana imene imamutulutsa mwana m'kalasi n'kumukhazika pakhonde.

Tsono nkhani yopatsa mphamvu ndi iyi: matenda amenewa mankhwala ake alipo. Methotrexate, womwa kamodzi pa sabata, ndiye msana wa chithandizo cha rheumatoid arthritis padziko lonse, ndipo ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Alipo sulfasalazine. Alipo hydroxychloroquine, mbale wake wa chloroquine uja amene Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993. Mankhwala amenewa ntchito yawo ndi kuzimitsa kutupa kusanawononge fupa. Koma m'mera mpoyamba. Wodwala akapezeka m'miyezi yoyambirira, manja ake amapulumuka. Akachedwa zaka, fupa lodyeka silimeranso. Ndipo pamene akuchedwapo, mapiritsi opha ululu omwe akumwa tsiku ndi tsiku angathe kumuboola m'mimba ndi kumuonongera impso, pomwe prednisolone womwa mwachisawawa amabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Kusiyana kwa wodwala wopulumuka ndi wopunduka nthawi zambiri kumagona pa munthu mmodzi amene anagwira mfundo zija, n'kufunsa funso loyenera pa nthawi yake.

Nanga kafukufuku akubweramo bwanji? Akubweramo chifukwa chinthu chosawerengedwa sichilowa mu bajeti. Ku Capital Hill sangagule mankhwala a nthenda imene palibe amene wabweretsa chiwerengero chake. Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankaphunzitsa kuti nyamakazi yotupitsa njosowa mu Africa. M'zaka za m'ma 1960, wofufuza Brian Greenwood ali ku Ibadan m'dziko la Nigeria analemba kuti odwala otere ankaoneka mwa apo ndi apo. Koma mu 1975 ofufuza a ku South Africa atayerekeza anthu a kumudzi ndi a ku Soweto, anapeza kuti m'tauni nthendayi inali yochuluka kuposa kumudzi. Kwa anansi athu ku Zambia, Dr Panganani Njobvu ndi anzake pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka anayamba kulemba mosamala za odwala mfundo ndi msana, ndipo mu 1998 anaonetsa dziko kuti mtundu wa nyamakazi umene unkatengedwa ngati wosowa kuno unali utachuluka pakati pa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Phunziro lake nlachidziwikire. Paliponse pamene munthu anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga, nthenda ija "yosowa" inapezeka. Tsono Lilongwe akukula tsiku ndi tsiku, anthu akuchoka kumudzi kudzakhala ku Chinsapo, ku Kawale, ku Area 25. Ndani atiwerengere?

Wina asakunamizeni kuti kafukufuku wozama amachitikira kunja kokha. Mzinda uno uli ndi mbiri yake. Pa Kamuzu Central pomwepa pali Tidziwe Centre, likulu la bungwe la kafukufuku la UNC Project. Lilongwe ndi Blantyre anali m'gulu la malo amene anachita kafukufuku wa HPTN 052, wa mabanja 1,763 m'maiko 9, amene mu 2011 anatsimikizira kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, chiopsezo chopatsira mnzake kachilombo chimatsika ndi 96 pa 100. Zotsatira zimenezo zinasintha malamulo a chithandizo padziko lonse. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana a mu Lilongwe muno, ndipo mu Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka m'zipatala za boma. Bungwe la MEIRU linayenda khomo ndi khomo ku Area 25 ndi ku Karonga, kuyeza akuluakulu pafupifupi 29,000, ndipo mu 2018 linationetsa kuchuluka kwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi pakati pathu. Amene ankatenga magazi, kulemba mafomu, kusunga mankhwala ndi kulondola odwala m'makwalala anali Amalawi ngati inu. Luso lilipo, malabotale alipo, anthu athu amadziwa kale tanthauzo la kutenga nawo mbali pa kafukufuku. Chatsala n'kuti luso limenelo lifike pa mfundo zotupa.

Mafunso amene akukudikirani ndi athuathu, ndipo a ku London kapena ku Boston sangatiyankhire. Ndi Amalawi angati amene ali ndi nyamakazi yotupitsa? Imatenga miyezi ingati kuti munthu achoke pa ululu woyamba kufika pa dzina lenileni la nthenda yake, ndipo amadutsa makomo angati panjira? Methotrexate tingamupereke bwanji mosamala kwa munthu amene akumwanso ma ARV, kapena amene ali ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, kapena mayi amene akufuna mwana, popeza mankhwalawa ngoopsa kwa woyembekezera? Wa kuchipatala chaching'ono, amene alibe makina, angasiyanitse bwanji bondo lotupa ndi nyamakazi, lotupa ndi mafinya, ndi lotupa ndi TB? Mankhwala ena obaya, amene amatseka mphamvu ya kutupa yotchedwa TNF, amadziwika kuti amadzutsa TB yogona m'thupi. Nanga kwathu kuno, kumene TB ili paliponse, tidzawagwiritsa ntchito motani? Ngakhale mafunso oyezera mmene wodwala akuvutikira ayenera kulankhula za kusinja, kuchapa, kutunga madzi ndi kupalasa njinga, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Funso lililonse apa ndi digiri ya wina, ndi ntchito ya zaka zambiri, ndiponso ndi chipulumutso cha mabanja.

Musaope kuyamba ndi zochepa. Mankhwala a TNF aja, amene lero athandiza anthu mamiliyoni, ofufuza Ravinder Maini ndi Marc Feldmann anawayesa koyamba ku London mu 1992 pa odwala 20 okha. Inunso muli nawo odwala 20. Gulani kaundula. Wodwala aliyense wotupa mfundo mumulembe bwinobwino: zaka, mfundo zingati zatupa, anayamba liti, wamwa chiyani, wayezedwa chiyani. Phunzirani kugwira dzanja la wodwala, kufinya mfundo imodziimodzi, kumvetsera pamene wati "aa, pamenepo adokotala". Pezani mkulu wokuongolerani, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Chitani maphunziro a Good Clinical Practice, amene amapezeka pa intaneti. Lembani ndondomeko yanu, muipereke ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee, ndipo musayambe popanda chilolezo chawo komanso cha wodwala mwini wake. Mayi wosadziwa kulemba mufotokozereni mpaka amvetse, pakuti akudinda chala chake chifukwa chokukhulupirirani.

Kuchokera pamenepo njira zimatseguka. Dokotala angathe kuchita ukatswiri wa matenda a akuluakulu kapena a ana konkuno, kenako n'kukanola luso la nyamakazi ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Namwino angathe kukhala woyendetsa kafukufuku komanso wolondola odwala a methotrexate mwezi ndi mwezi. Wa kulabotale, wa kufamase, wa mafizo ndi wa ziwerengero aliyense ali ndi mpando wake, ndipo popanda mmodzi wa iwo kafukufuku sayenda. Simudzakhala nokha: bungwe la African League of Associations for Rheumatology limasonkhanitsa akatswiri a mu Africa, ndipo ku Nairobi Dr Angela Migowa waonetsa kuti mwana wa mu Africa muno angathe kutsegula njira ya chithandizo cha nyamakazi ya ana m'dziko lake. Akatswiri a nthambi imeneyi ngochepa kwambiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kuchepa kumeneko kusakufooketseni. Kukutanthauza kuti chilichonse chimene mungachite chidzaoneka, ndipo amene mudzawaphunzitse adzakhala mbadwo woyamba.

Zovuta zilipo, ndipo ndi bwino muzidziwe lero. Ndalama zambiri za kafukufuku zimathamangira ku matenda opatsirana. Mudzalemba kalata zopempha thandizo n'kukanidwa. Magetsi adzazima magazi ali mufiriji, wodwala adzasowa chifukwa cha thiransipoti, anzanu amene anasankha nthambi zina adzayamba kumanga ku Area 43 ndi ku Area 47 inu mukadali pa kaundula. Limbani mtima. Nyamakazi sisankha dera; imalowa m'nyumba ya mpanda ku Area 10 monga imalowera ku Mtandire, ndipo tsiku lina amene lero sakukumvetsani adzakufunani. Koposa zonse, palibe malipiro oposa kuona munthu amene anabwera atanyamulidwa akubwera yekha miyezi ingapo pambuyo pake, n'kukupatsani moni wa padzanja mwamphamvu.

Ndiye musadikire kuti mlendo abwere ndi ndege kudzatiuza za matenda athu. Lolemba likubwerali, wodwala akanena kuti mafupa akuphwanya, musathamangire cholembera. Muuzeni atambasule manja, mufunseni kuti m'mawa amauma nthawi yaitali bwanji, mulembe. Sabata yamawa gogodani pakhomo la mphunzitsi wanu ndi funso limodzi lomveka bwino. Pa 12 Okutobala, tsiku lokumbukira nyamakazi padziko lonse, imani pamaso pa anzanu mufotokoze zimene mwapeza, ngakhale zikhale za odwala khumi. Masamba onena za Amalawi m'mabuku a nyamakazi akadali ochepa, ndipo amene adzawadzaze ndinu. Dzukani, valani dzilimbe, ntchito iyambike.