Kodi Nkulakwa Kugona M'chipinda Chodula Anzathu Akugona Pamphasa?

Amayi anzanga, kuchoka pa Lirangwe kukafika mumzinda wa Blantyre si ulendo wautali. Mukakwera minibasi m'mawa mudutsa pa Matindi, pa Lunzu ndi pa Kameza, ndipo dzuwa lisanatenthe mwafika kale. Mumzindamo muli mahotela akuluakulu monga Ryalls, Mount Soche ndi Amaryllis. M'mahotela otere mumakhala zipinda wamba komanso zipinda zina zapamwamba zimene eni ake amazitcha suite. Chipinda chotere chili ngati nyumba yathunthu. Pabalaza pake pali mipando ya sofa ndi wailesi ya kanema, kogona kuli bedi loti mungagonepo anthu anayi, kubafa madzi otentha amatuluka usana ndi usiku, ndipo mukaimba foni chakudya chimakupezani pomwepo. Mtengo wa usiku umodzi umaposa malipiro a mwezi wathunthu a anthu ambiri apantchito.

Kale nkhani ya zipinda zotere sinkatikhudza ife akumudzi, koma masiku ano yafika pakhomo. Ana athu amene ali pantchito m'tauni kapena ku Johannesburg amafuna kusangalatsa makolo awo. Mabungwe amatiitana kumisonkhano yochitikira m'mahotela. Achinyamata akamanga ukwati woyera amafuna kukagona kuhotela usiku woyamba. Ndiye funso lathu ndi ili: kodi mayi woopa Mulungu angagone m'chipinda chotere ndi mtima woyera, pamene akudziwa kuti mnzake woyandikana naye nyumba wagona pamphasa, mwinanso ndi njala?

Mayankho ofulumira alipo awiri. Ena amati ndi tchimo basi, ndalama imeneyo ikanagula matumba a chimanga. Ena amati ndalama ndi zanga, thukuta ndi langa, palibe wondifunsa. Mayankho onsewa ndi osavuta kunena, koma tikawayang'anitsitsa onse ali ndi potsimphina.

Tiyambe ndi amene amati malo otere si athu. Mawu amenewa tisawalandire msanga, chifukwa agogo athu anawamvapo kuchokera pakamwa pa ena. M'nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankalowa m'mahotela a azungu ngati wophika, wochapa kapena wonyamula katundu. Kukhala pampando ngati mlendo sikunali kwake. Mu Januwale 1960 nduna yaikulu ya dziko la Britain, a Harold Macmillan, anabwera ku Blantyre ndipo anawakonzera chakudya chamasana ku hotela ya Ryalls. Kunja kwa hotelayo kunasonkhana anthu a dziko lino, amayi ali pomwepo, kufuna kuti Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali kundende ya Gwelo kuyambira mu Malichi 1959, atulutsidwe. Anthu amenewo ankamenyera ufulu woti mwana wa dziko lino azitha kulowa pakhomo lililonse m'dziko lake. Tsono mayi wa ku Lirangwe akamadziuza kuti iye sayenera kugona pabedi labwino, afunse bwino ngati kumeneko ndi kudzichepetsa kapena ndi kudziderera kumene tinaphunzitsidwa kalekale.

Taganizani za mayi amene analera ana ake ndi geni ya tomato ndi zitumbuwa, nagona pansi zaka makumi atatu kuti ana apeze fizi. Lero mwana wakula, wapeza ntchito, ndipo akuti, “Amayi, bwerani mudzapumeko usiku umodzi, wina akuphikireni ndi kukuyalirani.” Mayi ameneyu akakana ponena kuti ndi kuononga ndalama, amakhala wamutsekera mwanayo njira yothokozera. Kulandira nakonso ndi khalidwe, ndipo amayi ambiri timadziwa kupatsa koma kulandira kumativuta. Tikumbuke za Mariya wa ku Betaniya, mu Yohane mutu 12, amene anatsanulira mafuta onunkhira pamapazi a Ambuye. Mtengo wa mafutawo unali pafupifupi malipiro a chaka chonse a munthu waganyu. Amene anadandaula potchula osauka anali Yudasi, ndipo mlaliki akutiuza kuti chimene chinkamuwawa chinali thumba la ndalama limene ankabamo. Ambuye sanamuletse Mariya. Choncho pali kuwononga kwina kumene ndi chikondi, ndipo pali kudandaulira osauka kwina kumene ndi kaduka kovala nsalu ya chifundo.

Koma tisathamangire kunena kuti nkhani yatha. Madzi otentha aja amene amadzaza bafa la kuhotela amachokera kuti? Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, n'kudutsa ku Chileka asanakwere mumzinda. Magetsi ambiri nawonso amachokera pa Shire pomwepo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mapaipi ndi mawaya amadutsa kwathu kuno kumidzi, pamene amayi ambiri amadzuka tambala asanalire kukaima pamzere pamjigo, ndipo ana amawerenga ndi tochi. Palibe tchimo posamba madzi amenewo. Koma amene akuti palibe womufunsa waiwala kuti chisangalalo chake chadutsa pakhomo pa anthu amene sanalaweko.

Mneneri Amosi, m'mutu 6, anadzudzula olemera a nthawi yake amene ankagona pamakama okongoletsedwa ndi minyanga ya njovu. Tikawerenga mofatsa tiona kuti mlandu wawo waukulu unali wakuti kuwonongeka kwa mtundu wawo sikunkawamvetsa chisoni. Chimodzimodzi munthu wachuma wa mu Luka mutu 16. Sitimva kuti anaba kapena kuti anamenya Lazaro. Ankangomudutsa pachipata tsiku ndi tsiku ngati akudutsa chitsa. Apa ndiye pagona ngozi ya zinthu zabwino: zimagonetsa maso. Munthu akazolowera zofewa amayamba kuona ngati umphawi wa anzake ndi nyengo chabe, monga mvula kapena dzuwa.

Ndiye m'malo mofunsa ngati bedi ndi lochimwa, tifunse za ndalama imene yalipira bedilo. Ndi ya yani?

Funso limeneli limaluma kwambiri tikafika pankhani ya misonkhano. Dziko lathu laona mavuto motsatizana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kupha anthu mazanamazana, ambiri a iwo konkuno ku Blantyre, ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Nthawi zotere anthu akufuna kwabwino amapereka ndalama m'dzina la amasiye, la ana onyentchera ndi la amene nyumba zawo zagwa. Gawo lina la ndalamazo limathera m'mahotela, kulipira zipinda, chakudya ndi maalawansi a anthu amene akukambirana za umphawi. Misonkhano ina ndi yofunika ndithu, pakuti ntchito yopanda upo imasokonekera, ndipo mayi amene wachoka kutali ayenera kugona pabwino ndi kudya. Koma pali malire. Ngati msonkhano ukanatheka m'holo ya tchalitchi kapena m'kalasi, ndipo tausamutsira kuhotela chifukwa kumeneko ndiye kuli alawansi yonona, tadya za amasiye. Ngati atsogoleri tasankha chipinda chapamwamba pamene chipinda wamba chinalipo, tadya za amasiye. Ngati tasayinira masiku atatu titakhalapo tsiku limodzi, dzina lake ndi kuba, ngakhale aliyense akuchita zomwezo.

Palinso china chimene chimaononga magulu athu mwakachetechete. Kalata yoitana ikabwera, amapita ndi omwewomwewo. Akabwerako sanena chimene aphunzira, amangofotokoza za kukoma kwa chakudya ndi kufewa kwa matawulo. Mayi amene wapita m'dzina la gulu wanyamula ngongole. Bedi limene wagonapo analipira ndi anzake amene anatsala, ndipo njira yobwezera ndi kubweretsa zimene wamva, mokwanira, kuti nawonso apindule. Ulendo wotsatira apiteko wina. Amene sangathe kubweza ngongole imeneyi kuli bwino asapite.

Nanga ndalama ikakhala yathuyathu? Apanso tifunse ngati ilidi yathu. Ndalama ya m'banja ndi ya banja lonse. Bambo kapena mayi amene alipira usiku wa kuhotela pamene mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, wawononga za mwanayo. Ndalama yokongola ku banki mkhonde kapena kwa akatapila nayonso si yathu. Tikuona maukwati amene mwambo wake umatha bwino, akwati n'kukagona m'chipinda chapamwamba, zithunzi n'kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, koma mwezi usanathe angongole ali pakhomo. Banja latsopano limayamba ndi mikangano chifukwa cha usiku umodzi umene cholinga chake chinali choti anthu aone. Ife anankungwi ndi alangizi tili ndi udindo pamenepa. Tiwauze ana athu poyera kuti ngati angakwanitse popanda ngongole apite akasangalale, ndipo ngati sangakwanitse palibe chamanyazi kuyamba banja m'nyumba yawo yalendi. Njira yodziyesera ndi yapafupi: kodi ndikanapitabe kukanakhala kuti palibe adzadziwe kapena kuona chithunzi? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti chimene tikugula ndi maso a anthu, ndipo maso a anthu sakhuta.

Ena adzati, “Koma mahotela amalemba anthu ntchito. Aliyense akaleka kugonako, ana athu omwe adzachotsedwa.” Zimenezi ndi zoona, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene sitinganenere kuti mahotela ndi oipa. Alendo otsika ndege pa Chileka amasiya ndalama zimene zimalipira ophika, alonda, ochapa ndi alimi ogulitsa ndiwo zamasamba. Koma mfundo yomweyi ikutikumbutsa munthu amene timamuiwala: mayi amene amayala bedi lija. Iyeyu mwina wadzuka 4 koloko ku Chirimba, ku Ndirande kapena ku Lunzu, wasiya ana akugona, ndipo pofika madzulo wayala mabedi ambirimbiri ndi kutsuka zimbudzi za anthu osawadziwa. Mu Febuluwale 2024 malipiro otsikitsitsa a pamwezi amene boma linakhazikitsa anali K90,000. Yerekezani ndalama imeneyo ndi mtengo wa usiku umodzi m'chipinda chimene iye amakolopa.

Kodi timamuona mayi ameneyu? Pano ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera. Pali amayi amene kumudzi ndi aulemu, koma akangolowa m'hotela amasintha mawu, kuitana wantchito ndi chala, kumukalipira chifukwa tiyi wazizira, kusiya chipinda ngati mwagona mbuzi poti alipo wokonza. Munthu amene dzulo ankasenza mtolo wa nkhuni sayenera kuiwala msanga chotere. Kumupatsa moni, kumufunsa dzina, kumuthokoza, kumusiyira kangachepe m'manja ngati tili nako, zimenezi sizichotsa kusiyana kwa malipiro, koma zimatiteteza ku matenda a munthu wachuma uja amene sankaona Lazaro. Ndipo amene Mulungu anawaika pamaudindo, kapena amene ali ndi antchito m'nyumba zawo, apitirire pamenepo: alipire bwino ndi pa nthawi yake.

Chotsiriza ndi mtima umene timabwerera nawo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. M'hotela ndife alendo, ndipo 10 koloko kapena 11 koloko ikakwana amafuna kiyi wawo. Mayi wina amabwerako atapuma, akuthokoza, ndipo amalowa m'khitchini mwake ndi mphamvu zatsopano. Wina amabwerako nyumba yake itamuipira. Denga laudzu limamunyansa, nsima ya mgaiwa imamukanika, ndipo mwamuna amene wakhala naye zaka zonsezi amayamba kuoneka wolephera. Chipinda chinali chimodzimodzi, koma wina chamudalitsa ndipo wina chamulanda mtendere umene anali nawo. Ngati usiku umodzi ungatichititse kunyoza nyumba imene tinamanga ndi manja athu, mtengo wake waposa umene unalembedwa pa lisiti.

Yankho langa tsono ndi ili. Kugona m'chipinda chodula si kulakwa ngati ndalama yake ndi yoyera, sinalandidwe kwa amasiye, kwa ana kapena kwa angongole. Ngati wantchito wa mmenemo tamuchitira ulemu. Ndipo ngati dzanja lathu kwa osowa silinafupike chifukwa cha usikuwo. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, kuli bwino kukagona kwa achibale ku Ndirande. Ndipo ife amene sitinalowemo, mwinanso sitidzalowamo, tisaweruze mnzathu tisanadziwe amene wamulipirira ndi chifukwa chake, pakuti kaduka nakonso kamagonetsa maso.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wanu wotsatira mukambirane nkhaniyi momasuka. Gwirizanani za mmene muzisankhira opita kumisonkhano, kuti mwayi uzizungulira. Gwirizanani kuti wobwerako azipereka lipoti pamaso pa onse, ndi kunena poyera alawansi imene walandira. Gulu limene limakamba za ndalama poyera silichedwa kukhulupirirana. Ambuye atipatse mtima wodziwa kulandira zabwino moyamika, ndi maso osaiwala amene ali pachipata chathu.