Kodi Nkoyenera Kudwalitsa Nkhumba Kuti Anthu Achire?

PATEBULO la opaleshoni pali nkhumba yogonekedwa ndi mankhwala. Dokotala akuboola chigaza chake ndi kutseka mtsempha waukulu wopereka mwazi ku ubongo. Podzuka, nyamayo idzakhala itadwala sitiroko, nthenda yakupha ziŵalo, imene yaipatsidwa mwadala. Kodi mchitidwe umenewu ngwolungama?

Choyamba, talingalirani chifukwa chake ofufuza amatero. Kaŵirikaŵiri sitiroko imachitika pamene mwazi woundana utseka mtsempha, ndipo maselo a ubongo amafa posoŵa okosijeni. Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali kuyesedwa pa makoswe, koma ochuluka amene anathandiza makoswewo analephera pa anthu. Mwachitsanzo, mankhwala otchedwa NXY-059 anatetezera ubongo wa makoswe, komabe mu 2006 anapezeka kukhala osathandiza atayesedwa pa odwala oposa 3,000.

Chimodzi cha zifukwa zake nchakuti ubongo wa khoswe ngwaung'ono ndi wosalala. Wa nkhumba uli ndi makwinya monga wa munthu, ndipo mbali yake yoyera, imene imalumikiza zigawo za ubongo, njaikulu mofanana ndi yathu. Chotero mankhwala olephera pa nkhumba angatayidwe asanafike pa munthu wodwala.

Komabe, vutolo lagona pomwepa. Nyama yofanana nafe kwambiri ingavutikenso kwambiri. Mu 2009, ofufuza a pa Yunivesite ya Cambridge anasonyeza kuti nkhumba zimaphunzira kupeza chakudya chobisika mwa kuyang'ana pa kalirole. Kodi cholengedwa chanzeru motero tingachione monga chiŵiya wamba?

Ena anganene kuti anthu amapha nkhumba zambirimbiri kaamba ka ndiwo, ndipo zoyesedwazo nzoŵerengeka chabe. Zimenezo nzoona. Koma kupha kumatha msanga, pamene nkhumba yodwalitsidwa ingakhale milungu ingapo ikuyenda modzandira. Kumbali ina, munthu amene anadyetsapo ndi kusambitsa kholo lake lofa mbali imodzi ya thupi amadziŵa kuti kuleka kufufuza nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo oulipira ndi anthu.

Mu 1959, asayansi aŵiri a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, anapereka malangizo atatu: kugwiritsira ntchito njira zina m'malo mwa nyama ngati kuli kotheka, kuchepetsa chiŵerengero cha nyamazo, ndi kuchepetsa ululu wake. Malangizoŵa amavomereza kuti moyo wa munthu ngwamtengo wapatali kuposa wa nyama, koma samalola wofufuza kuiŵala kuti nyamayo imamva kupweteka.

Chotero kuyesa kolinganizidwa bwino, kofuna kuyankha funso lofunikadi, kungakhale kolungama. Kuyesa kosasamala, kumene zotulukapo zake sizingadaliridwe, kuli nkhanza ngakhale kutachitikira m'chipinda choyera. Wofufuza wachikumbumtima asanagwire mpeni ayenera kudzifunsa kuti: 'Kodi ndani adzathandizidwa ndi kuvutika kwa nyama imeneyi?'